Khutu la a Manase ndi Vaneti ya Mkamwini

Kumutu kwa ndodoyo kuli kadzenje kosalala, kakuda, kongokwana chala chachikulu cha munthu wamkulu. Ndodoyo ndi ya mlombwa, koma pamalo amenewo kufiirira kwa mlombwa kunazimirira kalekale, m'malo mwake munalowa thukuta ndi oilo. Palibe amene anapasema. Panakumbika pang'onopang'ono ndi chala cha a Manase Mvula, chimene ankachitsamiza pamenepo n'kuchikanikiza pakhutu, uku nsonga ina ya ndodoyo, yovekedwa bawuti, itagunda thupi la injini. Umu ndi mmene ankamvetserera galimoto za pa boma la Chadiza kwa zaka zambiri, mpaka anthu anasiya kuwatchula dzina lawo n'kumangoti a Khutu.

Anabadwira ku Pembamoyo, m'banja la alimi a chimanga ndi mtedza. Atakula anatsata amalume awo kumigodi, kumene anayamba ndi kutsuka zitsulo za malole m'parafini, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka anakhala makaniko. Atabwerera kwawo anakwatira a Ebelesi a ku Zemba, ndipo patapita nthawi anawapempha pa chitengwa kuti adzakhale nawo pa boma. Garaji yawo inali bwalo chabe la pakhomo pawo, kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mkuyu umene nthambi yake imodzi inkagwira ntchito yokwezera injini.

Pabwalopo panali lamulo limodzi losasintha: galimoto yogogoda igone pomwepo. Mwini wake akadandaula kuti ali ndi ulendo, a Manase ankangomulozera msewu wa ku Chipata. Lamuloli silinali la liuma. Injini yokalamba imaulula matenda ake m'mawa mokha, oilo atatsikira pansi, zitsulo zitazizira n'kusiyana mipata. Ikathamanga pang'ono n'kutentha imatseka pakamwa, ndipo mwini wake amafika nayo kwa makaniko ikulira bwinobwino ngati ilibe mlandu.

Pa kanthawi koyambirira kameneko a Manase ankasiyanitsa maliridwe amene kwa ena onse anali phokoso limodzi. Kulira kwa pamwamba, kothamanga ngati makina a telala, ankati ndi matapeti, tizitsulo ta pamwamba pa injini, ntchito yaing'ono ya sipanala. Kugogoda kwa pakati, kouma ngati wina akugunda chikho chopanda kanthu, kumene kumachepa injini ikamafunda, ankati ndi pisitoni yotha imene ikugwedera m'nyumba mwake. Galimoto yotero ikhoza kuyenda zaka, ikungodandaula chisanu ngati nkhalamba. Koma pali kugogoda kwina kwa pansi penipeni, kolemera, konga musi wosinja kuseri kwa nyumba ya mnansi. Kumamveka kanthawi kochepa kwambiri, nyale yofiira ya oilo isanazime, kenako kumabisala tsiku lonse. Kumeneko ndiko kutha kwa mabering'i, timbale topyapyala timene timatchinga kuti kiranki, chitsulo chachikulu chozungulira pansi pa injini, isadyane ndi zitsulo zinzake. Wokumva msanga amasintha timbaleto n'kupulumutsa galimoto. Wochedwa amataya injini yonse.

Amakaniko ena akakayikira ankakhetsa oilo n'kuyang'ana ngati muli tizidutswa tonyezimira, kapena ankazula mawaya a mapulagi limodzilimodzi kuti aone pamene kugogoda kungasinthire. A Manase ankazidziwa bwino njira zimenezi, koma ankaziseka poyera. Ankati ndi za anthu ofuna kutumbula mbuzi kuti adziwe ngati ili ndi bere. Iwo ankangomvetsera basi, n'kuweruza. Popeza pa Chadiza zoonerera zinali zochepa, m'mawa wa miyezi yozizira anthu opita kumsika ankaima pansi pa mkuyuwo, manja ali m'khwapa, kudikira chigamulo ngati ali pabwalo la milandu. Dzina la a Manase, ulemu wawo ndi kaimidwe kawo pakati pa amuna anzawo zonse zinapachikidwa pa khutu limenelo.

Makutuwo anayamba kutha m'zaka zimene zipangizo za galimoto zinkasowa, galimoto zambiri zitakhazikidwa pa njerwa. Kuti banja lidye, a Manase anatembenukira ku zigayo za m'midzi. Ankakhala tsiku lathunthu m'tinyumba tamalata momwe munthu samva ngakhale chifuwa chake chomwe. Poyamba panasowa timbalame ta m'mawa. Kenako mawu a akazi ndi a ana anayamba kufika ngati odutsa m'bulangete. M'malo mwa zotayikazo munalowa kulira kwa nyenje kosalekeza, dzinja ndi chilimwe. Pofika chaka cha 1995, akaika ndodo pa injini ankamva kunjenjemera m'chala ndi mkokomo m'mutu, koma makina a telala, chikho ndi musi zinali zitasakanikirana.

Sanauze munthu aliyense. Chodabwitsa n'chakuti ntchito sinawonongeke, ndipo chifukwa chake chinali a Ebelesi. Mayiwa ankagulitsa vitumbuwa m'mphepete mwa bwalolo, atakhala pa kampando, beseni lili pamiyendo. Woyendetsa galimoto akamafotokoza vuto lake, iwo ankalowerera mofuula, ngati munthu wokonda nkhani za eni ake.

"Mwati igogoda pansi? Nyale yofiira nayo ichedwa kuzima? Ha, inu amuna! Muyendetsa motoka ngati ng'ombe yobwereka!"

Anthu ankaseka. A Manase ankakwinya nkhope ngati anyansidwa ndi phokoso la mkazi wawo, koma mawu ofunika anali atalowa kale. Komanso oyendetsa galimoto ndi anthu olankhula ndi thupi lonse. Amayang'ana munthu m'maso, amatsanzira kulira kwa injini ndi milomo, amamenya chibakera pachikhato posonyeza kulemera kwa kugundako. Zonsezi a Manase ankaziwerenga, n'kuziphatikiza ndi zimene anaona pa moyo wawo wonse. Akatero ankatenga ndodo, kutsinzina, n'kulengeza zimene anali atazidziwa kale.

Kodi chimenechi chinali chinyengo? Funsoli si lapafupi monga likuonekera. Zigamulo zawo zinali zoona, galimoto zinkachira, ndipo palibe amene anabwerera kudzadandaula. Chabodza chinali ndodo yokha ndi kutsinzina kuja. Ndipo mwamuna ndi mkazi wakeyo sanakambiranepo za dongosolo lawoli ngakhale ali awiri, chifukwa kulitchula kukanakhala kuvomereza chimene chinalibala.

Mwana wawo wamkazi, Tionge, anakwatiwa ndi Whiteson Sakala, munthu wofatsa amene ankasunga katundu pa kampani ina ku Chipata. Kampaniyo itatsekedwa, monga zinatsekedwera zambiri m'zaka zimenezo, Whiteson anatenga zimene anamupatsa pomuchotsa ntchito n'kugula vaneti yakale ya petulo, yotseguka kumbuyo. Anakakhala ku Zemba, kumudzi kwa amayi a mkazi wake, monga mkamwini. Vanetiyo ndiyo inali munda wake. Inkanyamula thonje, mtedza, odwala ndi maliro, ndipo kupatula iyo analibe china.

Whiteson anali mkamwini wa mwambo wonse. Pamaso pa apongozi aamuna ankanyonyomala patali, maso ali pansi, mawu ali otsika. Ndi apongozi aakazi sankaonana n'komwe maso ndi maso. Akatulukirana panjira, wina ankapatukira pathengo. Akafika pakhomo, a Ebelesi ankalowa m'nyumba kapena kupita kuseri, moni n'kumadutsa mwa Tionge. Mabanja ena a pa boma, makamaka a mipingo yatsopano, anali atayamba kuzifewetsa zimenezi. Banja la a Mvula linkazisunga ndipo linkanyadira. A Manase ankakonda kuuza anzawo kuti mkamwini wawo sanawakwezerepo mawu chikwatirireni.

Mu Juni chaka chimenecho, thonje litayamba kutuluka m'minda, vaneti inayamba kugogoda m'mawa. Whiteson anabwera nayo madzulo ena, Tionge atatsala ku Zemba, ndipo anaisiya pansi pa mkuyu kuti igone monga mwa lamulo.

Kunacha kozizira kwambiri. Oonerera anasonkhana, ndipo pakati pawo panali a Bernado, wowotcherera zitsulo, msuweni wa a Manase, munthu yekhayo amene chibale chinkamulola kuwanyoza pagulu. Mawu a a Bernado ankamveka mpaka kumsika.

"Lero mlandu ndi wa m'nyumba!" anafuula. "Tione ngati a Khutu aweruza mwachilungamo, kapena aopa kuti mkamwini athawa n'kuwasiyira mwana wawo!"

"Iwe ukanakhala motoka ndikanakugulitsa kale kwa osula mbaula," anayankha a Manase.

"Mbaula yake ikanakhala yokongola kuposa nkhope yakoyo!"

Anthu akuseka, a Manase anaponya maso pamalo pamene pankakhala beseni la vitumbuwa. Panali kampando kokha. A Ebelesi, ataona mkamwini akulowa pabwalo, anali atanyamula beseni lawo n'kupita kuseri kwa nyumba, monga mwambo unkafunira. Pakati pa a Manase ndi akazi awo panalibe amene anaganizirapo zimenezi dzulo lake.

Whiteson analowa m'galimoto. Boneti yotsegulidwa inabisa nkhope yake pamodzi ndi nyale zonse za kutsogolo kwa woyendetsa. A Manase anaika ndodo pathupi la injini n'kufuula kuti alize. Injini inadzuka. Ena amene anaima pafupi amati anamva kugunda kolemera kwa kanthawi, kenako kunatha, koma iwo sanali amakaniko ndipo sanabwere kudzaweruza. A Manase anamva nyenje ndi mkokomo. Anasuntha ndodo pamwamba, pakati, pansi. Kanthawi kamene injini imanena zoona kanali katadutsa, ndipo sikakanabweranso mpaka mawa lake.

Whiteson anazimitsa galimoto, anatsika, n'kukanyonyomala patali, pafupi ndi mulu wa matayala akale. Anavula chipewa, anawomba m'manja mofatsa. Oonerera, poona kuti mkamwini akufuna kulankhula ndi apongozi ake, anafutukira kumsewu mwaulemu, ngakhale a Bernado amene. Ndipo Whiteson anafotokoza zonse molongosoka, monga munthu wozolowera ntchito ya muofesi: kuti kugogodako n'kwa pansi, kuti n'kwa kanthawi kochepa, kuti masiku amenewo nyale yofiira inkachedwa kuzima. Ngakhale theka la mawu amenewa likanafika kwa a Manase, akanalamula kuti galimotoyo isasunthe pamalopo. Koma iwo ankangoona liwombo la mkamwini wawo ndi chibwano chikugwedera chakumunsi.

Njira zinalipo. Akanatha kunena kuti a Sakala asendere pafupi, abwereze mokweza. Koma kuuza mkamwini kuti afuule pamaso pa apongozi kumafuna chifukwa, ndipo chifukwacho n'chimene ankachibisa. Akanatha kukhetsa oilo, koma anthu amene anawamva akuseka otumbula mbuzi anali chiimire pamsewu, akuyang'ana. Akanathanso kunena kuti galimoto igonenso, n'kupempha a Ebelesi kuti mawa adzamvetsere ali kuseri kwa khoma. Zimenezo zikanafuna kuti alankhule ndi mkazi wawo nkhani imene awiriwo anaizungulira kwa zaka. Njira iliyonse inkadutsa pa manyazi, ndipo manyazi ake anali a pomwepo, pamene ngozi ya injini inali yongoganizira. Anasankha chigamulo chimene kawirikawiri chimakhala choona pa galimoto zakale m'mwezi wa Juni.

"A Sakala," anatero mokweza, kuti a pamsewu amve, "ndi pisitoni chabe. Imva chisanu ngati ife tomwe. Muziilola ifunde pang'ono musananyamuke. Yendani, thonje likudikira."

Whiteson anawomba m'manja. "Zikomo, atate."

Amene anamuyang'anitsitsa amati anakhala kanthawi asanaimirire. Makutu ake anali abwino, ndipo chimene ankamva m'mawa uliwonse sichinkafanana ndi nkhalamba yodandaula chisanu. Koma kubwereza zimene wanena kale kukanatanthauza kuti apongozi sanamvetse. Kupita nayo galimotoyo kwa makaniko wina ku Chipata kukanamveka pa boma lonse dzuwa lisanalowe, ndipo anthu akanati mkamwini wa a Khutu sakhulupirira khutu la apongozi ake. Anabwerera ku Zemba n'kuuza mkazi wake kuti atate anena kuti palibe choopsa.

Masana a tsikulo a Ebelesi anafunsa za motoka ya mkamwini. A Manase anayankha kuti pisitoni. A Ebelesi anawayang'ana amuna awo n'kubwerera ku beseni lawo.

Vanetiyo inayenda milungu ingapo. Tsiku lina mu Julaye, itasenza mabelo a thonje la anansi, kugogoda kumene kunkabisala kunatulukira masana, injini ili yotentha, pa chitunda china cha pakati pa Zemba ndi boma. Kunakula mofulumira ngati nyundo ya wosula, kenako injini inauma gwa. Thonje linasamutsidwira m'ngolo za eni ake. Vaneti inamangiriridwa ku ng'ombe, ndipo popeza njira yopita ku garaji ya a Manase imadutsa pamsika, ndimo inadutsa, Whiteson ali pa chiwongolero, Tionge akuyenda pambuyo atafunda chitenje kumutu. Oitanira maminibasi sanaphonye mwayi wotero.

"Petulo wakwera, a Sakala agula yodya udzu!"

"Ipitanso ku Chipata iyi? Tikwere, tikafika Khisimisi!"

Nthabwalazo zinatha ng'ombe zitakhotera ku mkuyu. Aliyense anakumbukira m'mawa uja ndi chigamulo chake, ndipo anthu anatsatira mwakachetechete.

A Manase anagona chagada pansi pa galimoto n'kutsegula injini kumunsi. Oilo amene anatuluka ankanyezimira ngati mchenga wa mumtsinje padzuwa. Bering'i imodzi inali itasungunuka n'kumatirira pa kiranki, ndipo chitsulocho chinali chitasanduka chabuluu ndi kutentha. Munthu aliyense wodziwa zitsulo akanaona kuti matendawa sanayambe dzulo. Anatuluka pansipo kachidutswa ka bering'i kali m'manja, nkhope itada, ndipo anafunsa mokweza ngati nyale yofiira inkachedwa kuzima. Tionge, amene anagwada pafupi nawo, anayankha kuti inde.

"Nanga a Sakala osanena bwanji?" anatero a Manase. "Chinthu chachikulu chotero, munthu n'kungokhala chete?"

Whiteson, ali pamalo ake aja pafupi ndi matayala, anawomba m'manja n'kunena chapansipansi kuti mwina iye ndiye sanafotokoze bwino. Mawu amenewanso a Manase sanawamve. Anangoona chibwano chikugwedera monga tsiku lija. Anaona Tionge akutembenukira kungodya ya nyumba, kumene kunkaonekera nsonga ya chitenje cha amayi ake. Anaona oonerera akuyang'ana pansi mmodzimmodzi. Munthu amene wakhala zaka akuwerenga nkhope sangalephere kuwerenga zimenezi.

Dzuwa litapendeka a Bernado anabwera n'kuwagwira dzanja a Manase. Nkhani imene anali nayo inali yachinsinsi, koma sikanatheka kunenedwa monong'ona, choncho anawatengera kudambo, kutali ndi nyumba, kumene kunali ng'ombe zokha.

"Mkamwini wako ananena zonse!" anafuula a Bernado. "Nyale, kugunda kwa pansi, zonse. Wauza Tionge, ndipo munthu uja sadziwa kunama."

"Analankhulira m'mimba."

"Analankhula monga umanyadira iwe kuti amalankhula! Manase, uganiza kuti anthu onse a pa Chadiza anabadwa ofuula? Tifuulira iwe! Abusa akafika kumbali yako akweza mawu ngati aona Satana. Mlamu wanga Ebelesi watha mmero chifukwa cha iwe, vitumbuwa n'chophimbira chabe."

A Manase anafunsa, maso ali pa ng'ombe: "Kuyambira liti?"

"Kuyambira kuzigayo."

"Nanga mumabweretsabe motoka zanu chifukwa chiyani?"

"Chifukwa umazichiritsa, chitsiru iwe! Ndodo ija timangoionera kukoma. Yekhayo amene sanadziwe ndi mkamwini wako, ndipo akanamuuza ndani? Mkazi wake anene kuti atate anga ndi ogontha? Apongozi ake aakazi amuitanire kuseri kwa nyumba? Ine ndemwe ndinafutuka tsiku lija, poti ndimati za apongozi n'za apongozi."

Manyazi amene a Manase anabwerera nawo kudamboko sanali amodzi. Kugontha pakokha kunakhala kopepuka poyerekeza ndi kudziwa kuti boma lonse linawanyamula kwa zaka monga anthu amanyamulira mwana wodziyesa kuti akuyenda yekha. Nkhope iliyonse imene ankaiwerenga mochenjera inali ikudziwerengetsa dala. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali mawu awo a masana aja. Anadzudzula pagulu munthu amene ananena zoona, munthuyo n'kusenza mlanduwo ali chinyonyomalire, chifukwa mwambo umene a Manase ankautama sunamupatse njira ina. Palibe amene ananama m'nkhani yonseyi kupatula iwo, komabe aliyense anakhala chete pa chifukwa chooneka chabwino, ndipo amene anataya galimoto ndi uja amene anasunga ulemu kuposa onse.

Masiku otsatira a Manase sanaoneke kumsika kapena kutchalitchi. Galimoto za anthu ena anazibweza. Anafukula injini ina yakale imene anaisunga zaka pansi pa malata, anachotsamo kiranki, anaikulunga m'thumba n'kukwera nayo minibasi kupita ku Chipata kuti akaisalaze. Atabwerera anamanga injini ya mkamwini pang'onopang'ono, akuyeza mpata uliwonse ndi maso ndi zala, njira zomwe zija ankaziseka. Whiteson ankabwera pa njinga kuchokera ku Zemba, n'kumatsuka zitsulo m'parafini chapatali. Awiriwo ankapatsirana masipanala poika pansi, wina n'kudzatola. Za tsiku lija sanalankhulepo. Nyengo ya thonje inadutsa ali pa ntchitoyo, ndipo alimi a ku Zemba anazolowera lole ya munthu wina. Zimenezo sipanala sikanazibweza.

Ntchito inatha mu Ogasiti, mphepo itayamba koma m'mawa kudakali kozizira. Galimoto inalira masana, inazungulira boma, n'kubwerera pansi pa mkuyu kuti igone, pakuti injini yomangidwa kumene nayonso imaweruzidwa m'mawa.

Kutacha anthu anabwera ambiri kuposa kale. Nkhope zawo zinali zokonzeka kulandira chigamulo chilichonse. Akanati injini yachira, akanawomba m'manja, a Bernado akanaponya nthabwala, ndipo moyo wa pa Chadiza ukanapitirira monga kale, anthu akufuula, a Khutu akutsinzina. Tawuniyo inali itawasiyira khomo limenelo lotsegula. Kampando ka a Ebelesi kanali kopanda munthu. Tionge anagwada pambali pa atate ake, Whiteson n'kulowa m'galimoto, kuseri kwa boneti.

A Manase anatenga ndodo, anaika chala m'kadzenje kaja, anakanikiza pakhutu n'kufuula kuti alize. Injini inadzuka. Sanatsinzine. Anagwira ndodoyo pansi penipeni pa injini mpaka kanthawi kaja katadutsa, kenako anaitsitsa n'kuima nayo m'manja. Whiteson anazimitsa galimoto n'kukanyonyomala pafupi ndi matayala. Anthu anadikira, koma chigamulo sichinabwere. Tionge anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu la atate ake n'kufunsa mokweza, pagulu lonselo:

"Atate, ikugogodabe?"

"Sindidziwa, mwana wanga," anatero a Manase. "Sindimva. Igonenso pano. Mawa ndodoyi adzagwire a Sakala, ataima pafupi ndi ine."